Ndirande: Mudzi wa Patsinde pa Phiri

 Nkhani yanga lero ndi ya Ndirande: nthaka yake, madzi ake, ndi anthu amene akhala akulandizana mtsetse uwu kwa zaka zoposa 160. Nditchulako Chilomoni, Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri, chifukwa mbiri yathu ndi yawo zinalukana, koma mtima wanga uli pano.

Munthu akaima pa Chichiri n'kumatembenuka pang'onopang'ono, amaona kuti mzinda wa Blantyre wazingidwa ndi mapiri. Kumpoto chakumadzulo kuli Michiru, ndipo patsinde pake pali Chilomoni. Kummwera kuli Soche, m'mbali mwake muli Zingwangwa, Chimwankhunda ndi Chilobwe. Kum'mawa, kupitirira Limbe, kuli Mpingwe ndi Bangwe. Kumpoto chakum'mawa ndiye kuli lathuli la Ndirande, lalitali kuposa Michiru ndi Soche, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Kuseri kwake ndi ku Machinjiri. Taonani bwino: pafupifupi dera lililonse lothithikana anthu mumzinda muno latsamira phiri. Zimenezi sizinangochitika zokha, ndipo chifukwa chake tichipeza tikafika pa nkhani ya malo.

Phiri la Ndirande ndi thanthwe louma kwambiri limene linatsala chiimire pamene mvula ya zaka zosawerengeka inkaperesa miyala yofewa yolizungulira. N'chifukwa chake kumtunda dothi ndi lochepa, khasu limagunda mwala msanga. Kutsika m'munsi ndiye mumapeza katondo wofiira uja timaumbira njerwa. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, mamilimita oposa 1,000 pa chaka, ndipo m'nyengo yozizira kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yochokera cha ku Mozambique. Kale m'mbali mwa phirili munali tchire la mitengo yachilengedwe, mombo, masuku, muwanga, ndipo pamwamba penipeni panali nkhalango yosayoyola masamba chaka chonse, yomwa nkhungu ya chiperoniyo. Masamba ogwa ankawolerana pansi, mvula inkalowa m'nthaka mwakachetechete n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe. Mudi ndi Nasolo, mitsinje imene lero timaidutsa titagwira mphuno, inabadwira m'akasupe amenewo.

Anthu amene mbiri yolembedwa inawapeza kuno ndi Amang'anja. Ankalima mapira ndi thonje, ankaomba nsalu, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu. David Livingstone atadutsa m'mapiri ano mu 1859 anaona midzi yambiri ndi minda yosamalidwa bwino. Patangopita zaka zochepa zonsezi zinasokonekera. Ayao anafika kuchokera kumpoto chakum'mawa, nawonso atakankhidwa ndi nkhondo kwawo. Malonda a akapolo anakula. Ndipo chilala cha 1862 ndi 1863 chinapulula anthu ambiri. Amang'anja ochuluka anatsikira ku chigwa cha Shire, ndipo ufumu wa dera lino unagwera m'manja mwa mafumu a Chiyao monga Kapeni, amene mudzi wake unali cha ku Soche.

Pali kanthu kena ka nthawi imeneyo kamene ndimakakonda kwambiri. Duff Macdonald, m'busa wa ku mishoni amene anasindikiza buku lake lotchedwa Africana mu 1882, analemba kuti mvula ikavuta, Ayao a kwa Kapeni ankapempha kwa mzimu wa Kankhomba, mfumu ya Chimang'anja imene inkakhala pa Soche iwo asanabwere, ndipo ankadalira abale a mfumuyo kuti atsire nsembe. Ogonjetsa ankavomereza kuti phiri lili ndi eni ake, ndi kuti mvula ndi phiri n'zogwirizana. Ife lero sititsira nsembe, ambirife timapemphera ku tchalitchi ndi ku mzikiti, koma ulemu umene anthu aja ankapereka ku phiri unali wanzeru, ndipo ndikanakonda tikanausunga.

Mu Okutobala 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika pamalo amene Henry Henderson anasankha mothandizidwa ndi Tom Bokwito, munthu wakuno amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana n'kukaphunzira ku Lovedale ku South Africa. Kapeni anawalola kukhala, ndipo malowo anawatcha Blantyre, dzina la kwawo kwa Livingstone ku Scotland. Chinawakopa n'chiyani? Mphepo yozizira bwino, nthaka, ndiponso madzi otsika m'phiri la Ndirande. Abale awiri, John ndi Frederick Moir, anabwera ndi kampani ya malonda mu 1878, ija tinaizolowera kuti Mandala, ndipo nyumba yawo ya 1882 ikadalipo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga ndi amisiri akuno kuyambira 1888 mpaka 1891, chili pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene takhala pano.

Pa zaka zimenezo phiri linali pothawira. Mu 1884 Angoni a Chikusi anaoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi ya kuno, kutentha nyumba ndi kugwira anthu. Amene anapulumuka anathawira ku mishoni, ena anakwera m'mapiri, Ndirande ndi anzake, n'kubisala m'mapanga ndi m'mikwasa ya miyala. Ana asukulu, mukamakwera phirili Loweruka kukasewera pa matanthwe aja, dziwani kuti pamenepo panagonapo amayi atatseka ana pakamwa kuti asalire.

Tsopano nkhani ya malo. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula kwa mafumu. Mitengo yake inali nsalu, mikanda, mfuti ndi zina zotero, ndipo n'zokayikitsa ngati mafumuwo ankamva kuti akugulitsa nthaka mpaka muyaya, pakuti pa mwambo wathu mfumu imangopatsa mlendo pokhala ndi polima. Malo abwino, osavuta kumangapo ndi kulimapo, anapita kwa mishoni, kwa Mandala ndi kwa eni minda ya khofi. Blantyre inadzakhala ndi khonsolo yake, ndipo tauniyo inakonzedwa kuti ikhale ya azungu, Amwenye akhale ndi mbali yawo ya masitolo, munthu wakuda azibwera m'mawa kudzagwira ntchito n'kutuluka madzulo. Komanso boma linaika msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama, ndiye munthu afune asafune ankayenera kukagwira ntchito kwa mzungu. Njanji inafika mu 1908, chaka chomwecho kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe. Alomwe ambiri anaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique; Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza ankatsika kudzagwira ntchito ya mtengatenga ndi ya m'minda; Atonga ndi Atumbuka ophunzira anabwera kudzakhala makalaliki. Tauni inkafuna manja awo koma sinkafuna kuwapatsa pogona.

Nanga akanagona kuti? Anapita kwa mafumu a midzi ya m'mphepete mwa tauni, pa malo otsetsereka ndi amiyala amene eni zikalata sanawasirire, n'kupempha kachigawo komangapo. Umu ndi mmene midzi ya patsinde pa phiri lino inayambira kufufuma. Mayina amene timatchula tsiku ndi tsiku, kwa Makata, kwa Matope, kwa Gamulani, ndi mayina a mafumu a midzi. Ndirande sanaijambule munthu pa pepala kuti msewu udutsa apa, ngalande apa, sukulu apo. Inakula monga umakulira mudzi: mlendo wafika, wapatsidwa malo kuseri kwa nyumba ya mnzake, nayenso waitana mphwake, mphwakeyo wamanga ka chipinda ka lendi. Mpaka lero maliro akachitika uthenga umayamba wafika kwa mfumu, ndipo mkangano wa malire a puloti umakambidwa pabwalo, ngakhale lamulo la mafumu la 1967 limati mfumu isalamulire m'kati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Tili ndi maulamuliro awiri pa nthaka imodzi, ndipo ngalande ikatsekeka aliyense amaloza mnzake.

Boma la atsamunda linazindikira msanga kufunika kwa phirili, koma chifukwa cha mipopi ya m'tauni. Mu 1922 linalengeza kuti Ndirande ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo bungwe loona za madzi mu Blantyre linayamba mu 1929, likudalira mtsinje wa Mudi: poyamba damu la Hynde, kenako damu la Mudi m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake m'phirimo munadzalidwa paini wambiri. Akuluakulu muli panowa mukukumbukira mdima wa m'nkhalango ija, kuzizira kwake, ndi fungo la utomoni. Mukukumbukiranso alonda ake, amene ankalanda nkhwangwa ndi mitolo ya nkhuni kwa amayi. Mwana wobadwira patsinde pa phiri anakula akudziwa kuti mitengo ija ndi ya boma, madzi ake akupita kwa ena, iye gawo lake ndi kuthamangitsidwa. Maganizo amenewo anadzabala zipatso zowawa.

Za ndale ndingodutsamo, pakuti zimafuna tsiku lakelake. Blantyre Secondary School, sekondale yoyamba m'dziko muno, inatsegulidwa mu 1940 pafupi ndi ife pomwepa. Nyasaland African Congress inabadwira mu Blantyre mu 1944, James Frederick Sangala ali mmodzi wa oiyambitsa. Njala ya 1949 inakantha kwambiri boma lino. Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa mu 1956, ndipo Dr. Banda atatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ambiri mwa omulandira anali anthu a m'midzi yozungulira tauniyi, oyenda pansi tsiku lililonse kupita ku ntchito.

Ufulu utabwera mu 1964 kunakhazikitsidwa Malawi Housing Corporation, ndipo kunafalikira ndondomeko yodula mapuloti, kuika msewu, mpopi ndi chimbudzi, munthu n'kudzimangira yekha nyumba monga angathere. Mbali zina za Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi South Lunzu ku Machinjiri zinakula motero. N'chifukwa chake ku Machinjiri mumamva Area 5, Area 10, pamene kuno mumamva Goliyo, Safarao, Malabada, Chinseu. Kuno nyumba zoyalidwa m'mizere, monga za ku Newlines, n'zochepa poyerekeza ndi zomangidwa mwa chimudzi. Ndipo mafakitale anamangidwa pakhomo pathu penipeni, ku Makata: David Whitehead yoomba nsalu, Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968, ndi ena ambiri. Wogwira ntchito ku Makata akakhala ku Ndirande sankalipira basi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzinda wonse wa Blantyre. Wa 2018 anapeza 800,264. Mapuloti odulidwa mwalamulo sanayandikire n'komwe chiwerengero chimenecho, ndiye otsalawo anakwera mtunda.

Ndisanafike pa zowawa, ndinene chimene chimandinyaditsa. Kuthithikana kumeneku kunabala luso. Pitani kuseri kwa msika m'mawa mukamve phokoso la nyundo. Mnyamata watenga chitseko cha galimoto yakufa, wachiwongola pa chidutswa cha njanji, wajambula ndi msomali, wadula ndi tchizulo, wapinda m'mphepete, waboola timabowo ta phulusa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mbaula yaima. Pambali pake wina akukhoma ndowa, wina akuwotcherera mafelemu a mawindo, wina akusoka mipando ya minibasi. Galimoto ikasowa sipeya m'masitolo a m'tauni, amakaniko amati kayang'aneni ku Ndirande. Ambiri mwa amisiriwa sanalowepo m'kalasi ya zaumisiri. Anaphunzira poyang'ana manja a amalume awo. Dziko lathu likanawapatsa magetsi odalirika ndi malo ogwirira ntchito okhala ndi denga, tikanaona zazikulu.

Chaka cha 1992 chinasintha zambiri. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Kumayambiriro kwa Meyi ogwira ntchito ku David Whitehead ananyanyala ntchito, sitalaka inafalikira mumzinda, apolisi anaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa m'masiku amenewo. Riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993, chisankho pa 17 Meyi 1994. Anthu a ku Ndirande anali patsogolo pa kusinthaku ndipo analipira ndi magazi. Koma m'zaka zomwezo nkhalango ya m'phiri inatha. Mantha atachoka, anthu analowa ndi nkhwangwa ndi masowo, usana ndi usiku. Matabwa, nkhuni, makala, mauvuni a njerwa. Paini atatha anagwetsa mitengo yachilengedwe, kenako anazula zitsa n'kulima chimanga.

Anthu ambiri akamakamba zimenezi amangoti anthu a ku Ndirande ndi osamva. Ine sindivomereza kuti nkhani ithere pamenepo. Amene anadula mitengo analakwa, ndipo tisawachotsere mlandu. Koma kwa zaka 70 palibe anawauzapo kuti nkhalangoyo ndi yawo, ndipo chinthu chimene munthu sanachiyese chake sachisamala mlonda akachoka. Matabwa aja sanathere mu Ndirande mokha. Anakafolera nyumba za anthu olemera m'madera ena. Andale a nthawi imeneyo ankaona, koma ankaopa kukhumudwitsa ovota. Ndipo mpaka lero mzinda wonse, ndi a kumayadi omwe, umaphikira makala. Atatha a pafupi, matumba akuchokera ku Neno ndi Mwanza kudzera msewu wa Zalewa. Mlanduwu ndi wa tonse.

Zotsatira zake tikuziona ndi maso. Phiri lopanda mitengo lili ngati denga la malata: mvula ikagwa, madzi onse amatsika nthawi imodzi, ikangokata, gwa, kwauma. Kwerani mu Okutobala mukaone. Udzu wapsa, pansi pali phulusa ndi mapesi, mizere ina yalimidwa choloza kumunsi m'malo mopingasa, ndipo pakati pa minda pang'ambika zigwembe zoti munthu wamkulu akalowamo saoneka. Dothi lochoka m'menemo limakathera m'damu la Mudi, limene lero limapereka gawo laling'ono chabe la madzi a mzinda. Ochuluka amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, kumene anayamba kupopa mu 1963, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi magetsi kukwera mamita pafupifupi 800 kuti atifike. Ena, kuyambira 2019, akuchokera ku Likhubula ku Mulanje. Ndiye mayi wa ku Ndirande, wokhala pa gwero la Mudi, amadzuka nkhuku zisanalire kukandandalitsa zigubu pa kiyosiki, kudikira madzi ochokera ku Shire. Magetsi akazima, mpopi umangotulutsa mphepo, iye n'kutsikira ku chitsime cha m'mbali mwa Nasolo, kumunsi kwa zimbudzi za anthu.

Matenda amatsata njira yomweyo. Si mwangozi kuti akatswiri atafuna kuyesa katemera watsopano wa tayifodi mu 2018 anasankha Ndirande ndi Zingwangwa. Ana oposa 28,000 a m'madera awiriwa analowa nawo m'kafukufukuyo, zinapezeka kuti katemerayo amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu 2023 anaperekedwa m'dziko lonse. Makolo amene munalola ana anu, munathandiza Malawi yense ndi maiko ena, ndipo muyenera kuthokozedwa. Koma katemera satsuka mtsinje. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre mu Januwale 2023, inatikumbutsa zimenezo.

Kenako namondwe wa Freddy. Pakati pa Malichi 2023 mvula inagwa masiku otsatizana osakata, nthaka ya m'mapiri inakhuta madzi, ndipo ku Soche matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsika usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Kunonso nyumba zinagwa, ndipo tinaika maliro. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, ndipo oposa 500 sanapezeke. Makolo athu zoterezi ankazitcha Napolo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Ndinene mosamala apa: mvula ngati ija ikhoza kugumula phiri ngakhale la mitengo. Koma chimene chinachulukitsa maliro ndi chakuti nyumba zinamangidwa m'njira za madzi. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Khwawa likauma zaka khumi, wina amaligulitsa ngati puloti, wogula ndi mlendo wochokera ku Thyolo kapena ku Phalombe amene sadziwa kuti pamenepo pankadutsa mtsinje.

Apa ndiye pali ntchito imene ife tomwe tingaigwire osadikira thandizo lakunja. Muli agogo m'dera lino amene akudziwa khwawa lililonse ndi dzina lake, kumene kunali kasupe, kumene madzi anadutsa chaka cha mvula yoopsa. Aphunzitsi, tumani ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akakhale pansi ndi agogo amenewa, alembe, ajambule mapu a mudzi uliwonse, mapuwo akhale kwa mfumu ndi kwa khansala. Mafumu athu, ndikupempha mwaulemu: malo amene mapuwo aonetsa kuti ndi njira ya madzi, musalole kuti agulitsidwe, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama zooneka. A khonsolo nawonso adziwe kuti kuuza munthu kuti samuka m'phiri n'kosathandiza ngati kumene mukumutumizako kuli kutali ndi ganyu wake. Adzabwerera, monga ena abwerera kale. Anthu anakwera phiri chifukwa chofuna kukhala pafupi ndi ntchito, ndipo adzatsika pokhapokha atapatsidwa puloti imene angayendepo wapansi kupita ku Makata, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe.

Za mitengo, chaka chilichonse nyengo ya mvula timaona magalimoto akubwera ndi mbande, anthu avala malaya ofanana, zithunzi zijambulidwa. Kudzala n'kwabwino, ndipo amene amabwerawo ndimawayamika. Koma mbande yodzalidwa mu Januwale imakumana ndi khasu la mwini munda mu Febuluwale, mbuzi mu Juni, ndi moto wa osaka mbewa mu Seputembala. Ndalama zambiri zimathera tsiku lodzala, pamene zikanayenera kupita kwa anthu olambula njira zotchinga moto ndi kulondera miyezi isanu ndi umodzi ya chilimwe, ndipo olonderawo akhale anthu a m'midzi yomweyi, olipidwa, odziwa kuti nkhuni zodulira nthambi ndi uchi wa m'ming'oma zidzakhala zawo. Komanso si ponse pofunika mbande. M'malo ambiri mizu ya mitengo yachilengedwe ikadali moyo pansi, ndipo chaka chilichonse imaphukira. Mphukira zoterozo zimapirira chilala kuposa mbande ya m'chubu, chifukwa muzu wake ndi wakale ndipo unazama kale. Chofunika ndi kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, kudulira zinazo, ndi kuletsa moto kwa zaka zingapo. Ntchito imeneyo iyambe mu Meyi udzu usanaumitsitse, kuyambira kumtunda kwa akasupe a Mudi ndi Nasolo.